Kobidi la AU: kufufutika kapena chidindo chosalowa bwino?

Pa sikelo yomwe William Sheldon anayambitsa mu 1949, makobidi amapatsidwa manambala osonyeza mmene asungikira, kuyambira 1 mpaka 70. Gulu la About Uncirculated (makobidi omwe angofufutika pang'ono chabe), lomwe otolera makobidi amangoti AU, lili ndi magiredi anayi: 50, 53, 55 ndi 58. Kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi Mint State, kobidi lomwe silinafufutike ngakhale pang'ono. Kuloweza manambalawa nkosavuta. Phunziro lomwe limatenga nthawi ndi kudziwa ngati malo osalala pa kobidi anasalala chifukwa choyenda m'manja mwa anthu, kapena anachokera ku fakitale ali choncho.

Fakitale yosula ndalama ya ku Philadelphia, ku America, inakhazikitsidwa ndi lamulo la pa 2 Epulo 1792, ndipo kufikira mu 1836, pamene makina oyendera nthunzi anabwera, makobidi ankadindidwa ndi makina opukusa ndi manja. Mphamvu ya anthu opukusawo sinkafanana nthawi zonse, ndiye chitsulo sichinkadzaza maenje onse a chidindo. Choncho kobidi limatha kukhala latsopano koma tsitsi kapena nthenga zili zosaoneka bwino.

Pophunzira, ine ndimaona kuti poyambira pabwino ndi hafu dola (kobidi lasiliva la masenti 50) ya Capped Bust ya zaka za 1807 mpaka 1836, yomwe anajambula John Reich. Nthawi imeneyo boma linali litasiya kusula dola ya siliva yoti anthu azigwiritsa ntchito, ndiye mabanki ankasunga mahafu dola ambiri m'mosungira chuma m'malo moti aziyenda m'misika. N'chifukwa chake ambiri anapulumuka ali pa AU, ndipo mtengo wake suluma ngati wa dola ya Flowing Hair ya 1794, yomwe anatulutsa 1,758 zokha.

Kayezedwe kake nkotere. Zimitsani magetsi ena, musiye babu limodzi. Gwirani kobidilo m'mphepete, pamwamba pa nsalu yofewa, n'kumalipendeketsa pang'onopang'ono. Kobidi likamadindidwa, chitsulo chimayenda kuchokera pakati kupita m'mbali n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso, ndipo timizereti ndi timene timachititsa kuti kuwala kuzizungulira ngati masipoko a njinga. Tsatirani kuwalako mpaka pa tsaya la mkazi wojambulidwa kutsogolo kwa kobidi, pa tsitsi la m'munsi mwa chipewa, pamutu pa chiwombankhanga cha kuseri ndi pamwamba pa mapiko. Ngati kukudutsa pamalo osalala osaduka, vuto ndi chidindo. Ngati kukuduka, malowo n'kuoneka otuwa mosiyana ndi pozungulira, pamenepo panakhulika. Pa AU-58 kukhulikako kumangokhala pa nsonga zokwera kwambiri. Pofika AU-50, kunyezimira kumatsala mozungulira nyenyezi ndi zilembo, pomwe zala sizinkafika bwino. Galasi lokulitsa ka 5 ndi lokwanira, chifukwa lamphamvu kwambiri limachititsa kachikande kalikonse kuoneka ngati chigwa.

Pa mahafu dola amenewa, mawu oti PLURIBUS, a pamwamba pa chiwombankhanga, nthawi zambiri amakhala ofooka chifukwa ali kuseri kwa chifuwa cha chithunzi, komwe kunkameza chitsulo chambiri. Amenewo sangatsitse giredi.

Mizere nayo ili mitundu iwiri. Pa makobidi oyambirira a siliva ndi golide, chitsulo chikalemera mopyola muyezo ankachipala ndi tupa asanachidinde. Mizere ya tupa imakhala yoyendera limodzi, ilibe m'mbali motukuka chifukwa chidindo chinaipsinja, ndipo imaoneka kwambiri pamalo pomwe chidindo sichinalowe mokwanira. Timizere ta kupukuta nto tosiyana: n'topyapyala, timang'anima, timaoneka kobidi likapendekera mbali imodzi n'kusowa likapendekera mbali ina. Kobidi lopukutidwa chotere, makampani opereka magiredi a PCGS ndi NGC amalilemba kuti AU Details, popanda nambala, ndipo mtengo umagwa kwambiri. Zimamvetsa chisoni kuona siliva wa zaka 200 atayeretsedwa mbee ngati supuni, khungu lake lenileni litapita osadzabwereranso.

Sikelo yoyeza mpaka 0.01 galamu imathandiza kugwira achinyengo. Hafu dola imeneyi iyenera kulemera pafupifupi magalamu 13.48, dola yoyambirira 26.96, ndipo kobidi la AU silitaya kulemera kwenikweni. Onaninso m'mphepete, momwe munalembedwa FIFTY CENTS OR HALF A DOLLAR, ndipo fananizani malo a nyenyezi, deti ndi ming'alu ya chidindo ndi manambala a Overton, omwe ndi mndandanda wa zidindo zodziwika za mahafu dola amenewa. Kobidi lomwe silikugwirizana ndi chidindo chilichonse chodziwika likayikireni.

Mkuwa ndi wovutirapo, chifukwa umagwa tidzenje ukakhala pachinyezi, ndipo kuderako kumabisa kukhulika. Sungani makobidi pouma, kutali ndi timapaketi tofewa ta pulasitiki wa PVC, tomwe timasiya zonanda zobiriwira. Zikayamba, viikani kobidi la siliva mu acetone weniweni (mankhwala amadzimadzi osungunula zonandazo) m'kabotolo kagalasi, kutali ndi moto, mulisiye liume lokha osapukuta.