Supu wa ku Glenhazel ndi mlamba wa amalume

Amene anandiuza kuti kuzizira kwa ku Joni n'chimodzimodzi kwa ku Dedza, Mulungu amukhululukire. Kwa ku Dedza kumayamba kaodi. Kwa ku Johannesburg kumapeto kwa Julayi kumangolowa m'mafupa osagogoda n'komwe. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndiye masana kadzuwa kamakunyengerera, koma kakangopendeka umadziwa kuti juzi yomwe umadzitama nayo ku Zomba ndi neti ya udzudzu chabe.

Ndinanyamuka titangotsekera sukulu, kukaona amalume omwe akhala akugwira ntchito ya m'dimba la maluwa ku Glenhazel, dera lina la ku Joni komweko, zaka 14, komanso kukakambirana nawo za chiliza cha agogo. Za msewu sindichulutsa: Blantyre, Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, Musina, Polokwane, masiku awiri athunthu miyendo itapindika pamwamba pa matumba a ufa a mayi wina amene sanapepese ngakhale kamodzi. Pasipoti ya Malawi amakudindira masiku 30, muziwerenga bwino. Tengani ma rand ang'onoang'ono olipira kuchimbudzi, chifukwa palibe amene amakupatsa chenje ya R200 uli pa changu chotero. Koma langizo lenileni ndi ili: nambala ya munthu amene mukupita kwawo ilembeni papepala. Papepala, abale, osati mu foni.

Yanga inazima tisanafike ku Polokwane, chifukwa soketi ya pampando wanga m'basimo inali yokongoletsera. Nditatsika pa Park Station Lachinayi masana, ndinali ndi chikwama chachikulu cha mizeremizere chija, dzina lakuti Glenhazel m'mutu, basi. Ndinafunsa njira ya ku renki ya pa Noord, ndinakwera teksi yotsata Louis Botha Avenue pa ndalama yosafika R30, n'kutsika pa Balfour Park monga anandiuzira bambo wina wa ku Zimbabwe. Kuchoka pamenepo ndinayenda wapansi. Kwathu ukasochera umangoti "odi" pakhomo lililonse, amakupatsa madzi ndi mwana wokuperekeza. Kuno khomo lake mulipeza kuti? Mipanda yaitali, mawaya amagetsi pamwamba, galimoto za alonda zikudutsa pang'onopang'ono zikundiyang'ana ine ndi chikwama changa chonunkha nsomba. Ndinazungulira mpaka cha m'ma 4 koloko, mapewa atatha mphamvu, ndipo ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu pafupi ndi pomwe panali mzera wa anthu. Sindinaganize kuti mzerawo ndi wa chiyani. Ndinangoona kuti pali anthu akuda anzanga ambiri, mtima unakhala pansi.

Mphuno ndi imene inandiuza. Kutsogolo kwa mzera kunali matebulo awiri, mapoto akuluakulu a supu wa nyemba ndi ndiwo zamasamba, mulu wa buledi, ndi mabulangete opindidwa bwino. Ogawa anali ana asukulu ya sekondale, ngati khumi ndi awiri, mphunzitsi wawo wamkazi ataima chapatali ndi mlonda. Anyamata anavala tizisoti tating'ono pa liwombo, tomwe amatitcha kippah, ena zingwe zoyera zikulendewera m'chiuno; atsikana masiketi aatali. Dera limeneli kuli sukulu za Ayuda zodziwika, Yeshiva College ku Glenhazel komweko ndi King David ku Linksfield, koma awa ndi ana a eni, za sukulu yawo tizisiye.

Mnyamata wina wamtali, wa ziphuphu kumaso ngati anyamata anga a Fomu 3, anatuluka pamzere atanyamula kapu ya supu ndi buledi, kubwera molunjika kwa ine. Anawerama n'kuti, "Bambo, simukuyenera kuima pamzera ngati mwatopa, landirani."

Apa ndiulule tchimo langa. Magazi anathamangira kumutu. Ine, mphunzitsi wa zaka 11 m'kalasi, woimika ana 90 ndi diso lokha, kamwana ka mzungu kandione ngati wopemphetsa? Ndinamuyankha ndi Chingerezi changa cha pa asembule chija: "Mwana iwe, ine sindine wopempha. Ndine mphunzitsi, ndangosochera." Mimba inasankha nthawi yomweyo kulira mokweza, poti chidyereni chinali chitumbuwa cha ku Masvingo dzulo lake. Mnyamatayo anafiira mpaka makutu, kapu ili m'manja, osadziwa kuti abwerere kapena ayike pansi.

Anatipulumutsa tonse awiri ndi mtsikana wina wamfupi amene ankaoneka kuti ndiye kapitawo. Anabwera akupukuta manja, osaseka, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndiye mwafika bwino. Anzathu awiri sanabwere lero, manja akutiperewera. Mungatigwirire chipande? Koma lamulo lathu ndi lakuti wogawa amayamba walawa, kuti adziwe chomwe akupatsa anthu." Lamulo limenelo ndikukhulupirira analipanga pomwepo. Ndinamwa makapu awiri "olawa", ndi buledi magawo anayi, nditaima kuseri kwa tebulo ngati bwana. Mnyamata uja analumikiza foni yanga ku power bank yake osanena kanthu.

Ndinagawa supu pafupifupi ola. Anthu a pamzera ambiri anali amuna otola mabotolo ndi makatoni pa ngolo zawo zokoka, ena odikira maganyu pa mphambano, amayi angapo a ana kumsana. Ndili mkati mothira ndinangomva, "Achimwene, thirani cha pansi, nyemba zili komweko." Ndinatsala pang'ono kugwetsa chipande. Anali mnyamata wa ku Mangochi, wopaka penti, ntchito inamuthera mwezi wa Meyi. Anandizindikira ndi fungo la chikwama. Kumbuyo kwake kunali wina wa ku Mzimba. Sitinacheze zambiri, mzera unali kukankha, ndipo iyenso sanafune kuti ndimufunse dzina la mudzi. Ndinamuthirira cha pansi.

Tikutsuka mapoto, uphunzitsi unandigwira, ndinayamba kuwafunsa za sukulu. Tsiku lawo limayamba ndi mapemphero, ndipo pamwamba pa masamu, sayansi ndi zina zonse za mayeso omaliza sekondale omwe amawatcha matric, amaphunziranso Chihebri ndi malamulo a chipembedzo chawo, kenako mpira ndi rugby. Ndinawamvera chisoni pang'ono. Anga amadandaula ndi maphunziro asanu ndi atatu. Ntchito yothandiza anthu ili pa ndandanda ngati phunziro lina lililonse. Ena amakacheza ndi nkhalamba ku nyumba ya okalamba ya Sandringham Gardens, ena amalongedza zakudya za mabanja osowa, ena amakathandiza ana a ku Alexandra, dera la anthu osauka, kuwerenga. Pa 18 Julayi, tsiku la Mandela, anagwira ntchito yothandiza anthu kwa mphindi 67 pamodzi ndi dziko lonse. Ndipo aliyense ali ndi pepala lolembapo maola, loti wamkulu asainire.

Pepala limenelo linandikhumudwitsa, sindibisa. Ndinamufunsa mnyamata uja ngati power bank yake ilowanso m'maola. Anaseka koyamba, n'kuti ayi, amawerengera supu yekha. Mtsikana uja ndiye anayankha mozama. Anati mawu amene iwo amagwiritsa ntchito ndi tzedakah, ndipo muzu wake m'Chihebri ndi chilungamo, osati chifundo. Kupereka ndi ngongole, kaya mtima wafuna kaya sunafune, nanga wanjala adikire tsiku lomwe iwe wadzuka bwino? Anatchulanso Maimonides, mphunzitsi wawo wakale amene anamwalira ku Egypt mu 1204, yemwe anasanja kupereka m'masitepe asanu ndi atatu. Pansi penipeni pali kupereka monyinyirika. Chapamwamba pali kupereka mwakuti wolandira ndi wopereka asadziwane, ndipo pamwamba pa zonse pali kumupezera munthu ntchito kapena mpamba kuti asadzapemphenso. "Supu uyu ali m'munsimu," anatero yekha, akukolopa tebulo. Za chipande chomwe anandipatsa sanatchule, inenso sindinatchule.

Kenako nkhani inagwera pa chikwama. Ndinawatsegulira: usipa, chambo chouma, ndi milamba itatu yowamba ya ku Nyanja ya Chilwa, yomwe amalume anachita kuitanitsa katatu pa WhatsApp. Anyamata anaunjikana ngati pa phunziro la biology. Nsomba yololedwa kwa iwo iyenera kukhala ndi zipsepse ndi mamba. Chambo chinakhoza mayeso. Mlamba, poti thupi lake ndi losalala ngati sopo, unalephera pomwepo. Ndinaganiza zowauza za mbewa za pa msewu wa ku Lilongwe, koma ndinaona kuti ana andichitira zabwino, ndisawawonongere tsiku.

Foni itayaka, mnyamata uja anandigawira intaneti, ndipo pasanathe mphindi 20 amalume anatulukira pa kona ali ndi ovolosi, akupukusa mutu. Nyumba yake inali misewu itatu yokha kuchoka pomwe ndinakhala. "Mphwanga, sukulu yonse ija osalemba nambala papepala?" Ana aja anandikakamiza bulangete. Ndinakana kawiri. Amalume analandira m'malo mwanga: "Iwe sudziwa usiku wa kuno."

M'kachipinda kawo kuseri kwa nyumba ya abwana awo, amalume anandiphunzitsa zambiri kuposa buku. Ayuda a ku South Africa alipo pafupifupi 50,000, ambiri ku Johannesburg, ndipo makolo a ochuluka anachokera ku Lithuania. Bungwe lawo la Chevrah Kadisha, lomwe limayendetsa nyumba ya okalamba ija, linayamba mu 1888 ngati bungwe loika maliro, mzinda uli ndi zaka ziwiri zokha. Ndinakumbukira mabungwe athu a maliro a Amalawi okhala ku Joni, osonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi. Loya amene anamulemba ntchito Mandela ali mnyamata, Lazar Sidelsky, anali Myuda, monganso Helen Suzman amene anazunguza boma la tsankho m'nyumba ya malamulo kwa zaka 36. Koma amalume sakometsera. "Ena anamenya nkhondo, ena anangokhala chete n'kumadya bwino, ngati anthu ena onse," anatero akuotcha mlamba pa kachitofu kawo, zenera atatseka kuti fungo lisafike ku nyumba yaikulu.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Alexandra ali pa mtunda wa makilomita ochepa kuchoka pa mipanda imeneyi, ndipo supu wa Lachinayi sagwetsa mpanda. Ana aja akamaliza amakwera galimoto kupita kukasamba madzi otentha, pomwe wa ku Mangochi uja akukagona sindikudziwa pati. Amalume eni ake, zaka 14, chipinda chawo bedi ndi chitofu zimagundana. Zonsezi ndi zoona. Koma chomwe chinandisowetsa mtendere kwenikweni chinali cha kwathu. Pa sukulu yathu mwana amagwira chikwakwa kapena khasu pokhapokha walakwa. Wachedwa, katchetche. Walongolola, kakumbe dzenje la zinyalala. Kwa zaka zinayi timamuphunzitsa kuti kugwirira ntchito anthu ena ndi chilango, kenako timadabwa akakula kuti safuna kuumba njerwa za chitukuko popanda alawansi. Akuluakulu amakamba za Youth Week ya nthawi ya Kamuzu, pomwe ana asukulu ankakonza misewu ndi milatho ya m'midzi. Inali yokakamiza, ndipo inapita ndi nthawi yake, koma m'malo mwake sitinaikemo kanthu. Chipatala chili pafupi ndi sukulu yathu, agogo osowa wowatungira madzi ali mbali zonse, ndipo ine sindinaganizepo zotengako kalasi langa ngakhale tsiku limodzi. Pepala la maola lomwe ndinalinyoza lija ndi limene linachititsa kuti pa msewu paja pakhale munthu wa power bank.

Lachisanu dzuwa litapendeka, Glenhazel anasintha. Mashopu anatsekedwa, galimoto zinachepa, mabanja anadzaza msewu wapansi kupita ku sunagoge, omwe iwo amati shul. Kuyambira kulowa kwa dzuwa mpaka Loweruka usiku sayatsa moto, sakhudza switchi, foni imagona. Agogo aakazi a panyumbapo anatitumizira buledi woluka, yemwe Ayuda a kuno amamutcha kitke, wofewa ngati sikono ya pa ukwati. Cha m'ma 8 koloko anafika pa khomo la amalume n'kunena kuti, "Kunyumbaku kwazizira kwambiri lero," basi n'kubwerera. Ine ndinangovomera kuti inde kwazizira. Amalume anadzuka n'kukayatsa hita. Ati pa Sabata sangakutume mwachindunji, umayenera kumva wekha. Chaka chawo choyamba anangoyankha kuti "pepani" n'kugona. Loweruka masana anatipatsa cholent, nyemba, mbatata ya kachewere ndi nyama zomwe zinagona pa moto wochepa kuyambira dzulo lake. Ikoma, koma imafuna nsima, ndipo tinaphika.

Za chiliza tinagwirizana Lamulungu; amalume apereka simenti, ine njerwa ndi mmisiri. Pobwerera tikiti inakwera mtengo popanda chifukwa chomveka, ndipo katundu amamuyeza ngati golide, choncho musalole achibale onse a ku Joni akutumeni. Ine ndinanyamula ma duvet atatu a eni ake ndi wailesi ya galimoto. Bulangete la ana aja ndinaliika pamwamba, ndipo pakati pa usiku, basi itaima pa Beitbridge, ndinafunda limodzi ndi bambo wina wa ku Ntcheu amene anakwera atavala shati yokha. Anandifunsa kuti ndinagula zingati, ndinamuuza kuti ndinagwirira ganyu.