Kadziko ka Estonia kandigwira mtima

Abale anzanga, kumpoto kwa Ulaya uko kuli kadziko kotchedwa Estonia, m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, likulu lake Tallinn. Anthu ake ndi pafupifupi 1.3 miliyoni basi, ife a ku Kasungu tikaphatikizana ndi anzathu a ku Mchinji tawaposa kale. Kumazizira koopsa, theka la dzikolo ndi nkhalango ndiye matabwa amagulitsa kunja kwambiri.

Koma chandisangalatsa ine ndi intaneti, atangochoka mu Soviet Union mu 1991 analimbikira kuika makompyuta m'masukulu, pulogalamu yoimbirana mafoni pa intaneti ija ya Skype anailemba ndi anyamata a komweko, kuvota pa intaneti anayamba 2005, msonkhonso amalipira ali khale kunyumba. Ife kuno maso ali pa fodya yekha ndipo mitengo ikuthera m'mabalani, zimandiwawa zedi.