Loweruka la dayi, ndabwerako tsitsi lili chomwecho

Lero ndinadzuka nditatsimikiza kuti dzuwa lisanalowe tsitsi langa likhala litasintha mtundu. Chinkhoswe cha mng'ono wanga chatsala masabata awiri, ndipo imvi zomwe zayamba kutuluka chakumakutuku zakhala zikundisowetsa mtendere kuyambira chaka chatha. Si zambiri ayi, koma ndikangoima pagalasi maso amathamangira pomwepo. Mufoni ndinasunga chithunzi cha mtsikana wa tsitsi looneka ngati uchi, mtundu wa meshi ya nambala 27, ndipo sabata yonseyi ndakhala ndikuchitsegula usiku ndisanagone.

Ndinakwera minibasi ku Area 25 cha m'ma 8 koloko, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuswa mtengo. Nditatsika ku Old Town ndinalowa m'shopu ya zodzoladzola. Makatoni a Dark and Lovely ndi Inecto anali ndandanda pashelefu, timabotolo ta ufa wa Bigen tili chapansi. Sindinawerenge kanthu. Ndinangoyang'ana nkhope za pamakatoni, n'kutola lomwe tsitsi lake limafanana ndi la mufoni muja, n'kulipira.

Achemwali omwe amandikonza tsitsi ali ndi kasaluni kawo kufupi ndi msika wa kwathu, ndipo mutu wangawu akhala akuugwira zaka zisanu ndi chimodzi. Nditawapatsa katoni lija analitembenuza kawiri, analiika pambali, kenako anandimasula duku n'kuyamba kupapasa tsitsi kuchokera pamizu mpaka kunsonga.

"Relaxer tinaika liti, asisi?"

Ndinawakumbutsa kuti papita masiku khumi.

"Nanga dayi wakuda uja wa chaka chatha, wa pa Khirisimasi? Mwamuona akadalipo kunsongaku?"

Ananyowetsa katsitsi kamodzi kakunkhongo, n'kukakoka pang'onopang'ono ndikuona. Kanatamuka ngati labala, osabwerera, kenako n'kuduka popanda ngakhale kaphokoso. Anakaika pachikhatho changa. "Ili ndi tsitsi lotopa. Mukalipatsa zomwe mwabweretsazi, chinkhoswe mukavina mutameta."

Kunena zoona zinandipweteka, chifukwa ndalama ndinali nditaononga kale ndipo mtima unali utakhazikika pa mtundu umenewo. Koma mayiyu sakana chinthu popanda kufotokoza, ndiye ndinakhala pansi n'kumvetsera, uku akumaliza kuluka mwana wasukulu.

Anandionetsa manambala a pamakatoni, omwe ine ndimangowadumpha. Pa dayi, mosiyana ndi manambala a meshi, mitundu ya tsitsi imawerengedwa kuyambira 1 mpaka 10. Nambala 1 ndi lakuda bii, 10 ndi loyera lachizungu lija. Lathu ambirife lili pa 1 kapena 2, pomwe la uchi lomwe ndimafunalo lili cha pa 7 kapena 8. Kuti tsitsi likwere masitepe onsewo, mtundu wake wachibadwa umayenera kuyamba wachotsedwa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya kabotolo koyera kamene kamabwera m'katoni, developer, komwe muli hydrogen peroxide. Mphamvu yake imalembedwa ndi mawu oti volume: ya 20 volume ili ndi 6 peresenti ya peroxide ndipo imakweza sitepe imodzi kapena awiri basi. Ya 30 ili ndi 9 peresenti, ya 40 ili ndi 12. Ikamakula mphamvu ndiye kuti ikudyanso tsitsi kwambiri.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti tsitsi lakuda silichoka pakuda n'kufika pa uchi nthawi imodzi. Pansi pa kudako pabisala kufiira. Likamasuluka limayamba lafiira ngati dothi la katondo, kenako ngati lalanje, pamapeto pake chikasu. Ndiye chifukwa chake m'minibasi timakumana ndi mitu yofiira mosadziwika bwino, eni ake ankafuna golide koma mankhwala anathera panjira. Nkhope ya pakatoni ija ndi ya munthu amene tsitsi lake linayambira pena, osati pomwe langa lili.

Ndiye pali nkhani ya dayi wakale. Dayi sachotsa dayi mnzake. Achemwali anati ndikanapaka katoni langalo, kumizu komwe kwamera tsitsi latsopano kukanawala, kunsonga kukanatsala kwakuda, mutu umodzi mitundu iwiri. Chomwe chingachotse wakudayo ndi bleach, ndipo bleach pamwamba pa relaxer wa masiku khumi ndiye kulisiya tsitsi m'beseni. Relaxer amawongola tsitsi pothyola zomwe zimalimanga m'kati mwake, choncho limakhala lafooka kale. Ngakhale dayi wamba wokhalitsa amafuna kuti padutse masabata awiri kapena kuposerapo. Ndinawerengera mumtima: tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Langali, lomwe lafika m'mapewa, ndalisunga zaka. Kulitaya ndi masana amodzi.

Tili pakati pa nkhaniyi kunalowa mtsikana wina wometa lalifupi, lachilengedwe, lodayidwa mofiirira ngati waya wa kopa. Linamukhala mochititsa kaso, moti ndinalephera kudziletsa, ndinafunsa kuti bwanji iyeyo zatheka. Anandiyankha yekha, akuseka, kuti relaxer sanaikepo chibadwire ndipo amameta mwezi ndi mwezi, ndiye lomwe lapsa ndi mankhwala limapita ndi makina. Komabe anati limauma kwambiri, moti sagona osalipaka mafuta. Achemwali anawonjezera kuti tsitsi lathu lopotanali ndi louma mwachibadwa, chifukwa mafuta ochokera pakhungu la mutu amavutika kutsetsereka m'mapindikidwe ake kukafika kunsonga. Mtundu womwewo, pamutu wina ndi ulemu, pamutu wina ndi misozi.

Ndinafunsa ngati kuli bwino ndingobwerera ku wakuda. Anapukusa mutu. Anati wakuda bii, nambala 1 yeniyeni, amaumitsa nkhope ya munthu amene wayamba kukula, ndipo imvi zikameranso pakatha masabata atatu mzere woyera umaonekera patali. Amayi achikulire omwe amabwera kudzabisa imvi amawalangiza wa khofi wakuda, woyandikira 1B kapena 2 ya meshi. Apa ndinavomereza msanga, chifukwa zithunzi zanga za Khirisimasi ija ndimazidziwa.

Kenako anachita chinthu chomwe sindidzaiwala. Anatola timitolo ta meshi totsala, 27, 30, 33 ndi 99J, n'kunditulutsa panja ndi kagalasi kam'manja. Anati magetsi a m'saluni amanama, mtundu umasankhidwa padzuwa. Anayamba kundigundika kamtolo kalikonse patsaya. Ya 27, yomwe ndaisirira sabata yonse, inandituwitsa nkhope ngati ndadwala malungo. Ya 30 inali bwinoko. Koma atafika pa 33, yakuda mofiirira ija, khungu langa linadzuka, ngakhale maso anaoneka owala. Mayi wogulitsa tomato pafupi ndi khomo anasiya kupanga milu yake n'kunena kuti, "Imeneyo ndiye yanu, amayi, zinazo musiyeni nazo." Ya 99J, yonga vinyo, inandikhalanso, koma ndinaona kuti ku ntchito ingandichulukire.

Tinagwirizana zoti andipake dayi wosakhalitsa, wopanda ammonia, woyandikira 33. Ameneyu sasulutsa tsitsi, amangolikuta pamwamba, ndipo amachoka pang'onopang'ono ukamatsuka. Anandiuziratu kuti ndisayembekeze zodabwitsa: m'nyumba lidzaoneka lakuda ndithu, makamaka kunsonga kuli dayi wakale kuja, kufiirako kudzaonekera padzuwa. Imvi ndi zomwe zidzamwe mtunduwo kwambiri, zidzakhala ngati timizere tofiirira toikidwa dala. Zimenezo ndinazikonda kuposa kuzibisa.

Ndinaganiza kuti tiyamba pomwepo, koma anangosakaniza kadontho, n'kundipaka kuseri kwa khutu ndi kathonje. Anati tidikire maola 48. Apa sindinatsutse ngakhale pang'ono, chifukwa ndinaona ndi maso anga zomwe zinawachitikira alamu anga zaka zapitazo. Anadzipaka okha dayi wakuda Lachisanu madzulo pokonzekera ukwati. Pofika Lamulungu zikope zinali zitatupa moti maso samatseguka, m'mutu muli matuza otuluka madzi, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala. Anatiuza kuti ndi PPD, mankhwala omwe amapezeka m'madayi ambiri okhalitsa, makamaka akuda, ngakhalenso mu hena wakuda amene ena amajambulira m'manja. Choopsa chake n'chakuti munthu utha kudaya zaka zambiri osaona vuto, thupi n'kudzakana tsiku limodzi. Alamu angawo anali atadayapo kambirimbiri. Mpaka lero sayandikiranso dayi, imvi zawo amangozipesa bwinobwino n'kumangira kumbuyo.

M'malo mwa dayi, lero anangonditsuka n'kundipaka mankhwala olimbitsa tsitsi, n'kundiveka kapulasitiki kwa theka la ola. Anadulanso nsonga zogawanika, pafupifupi kachala kamodzi. Za uchi zija anati ngati mtima ukukanabe, chinkhoswe chikadutsa adzandiluka meshi yosakaniza 1B ndi 30, kuti mtunduwo ukhale pa meshi, langa lipume m'kati.

Ndinafika kunyumba cha m'ma 3 koloko, fumbi lili m'mapazi. Mng'ono wanga anaimba kufunsa ngati ndasintha, ndipo nditamufotokozera anangoti bola ndikafike ndi tsitsi langa. Katoni lija ndaliika m'kabati. Mwina mtsikana wometa uja angalifune, ndidzamufunsa ndikadzakumana naye.

Panopa ndi 9 koloko usiku. Ndangochoka pagalasi, ndinapinda khutu n'kuunika ndi tochi ya foni. Kadontho kaja kali phee, sipakuyabwa, sipanafiire. Ndasamba mosamala kuti madzi asafikepo. Lolemba ndikaweruka ndidutsira ku saluni, achemwali ati andidikira mpaka 6 koloko.