Lachiwiri la kabotolo ndi chitini cha mapiritsi

Tadzuka kusanache. Amayi sanagone, ndipo ulendo uno si mimba yokha yawasowetsa tulo, koma kabotolo kaja anatipatsa kuchipatala. Munthu wa zaka 63 kumuuza kuti aike chimbudzi chake m'kabotolo n'kukwera nako minibasi kuchokera ku Area 25 mpaka m'tauni! Anakakulunga m'majumbo awiri, kenako m'kampango, n'kukakankhira pansi penipeni pa chikwama. Njira yonse anachikumbatira chikwamacho ngati muli ndalama za fodya. Kondakitala atati awalandire, anangomuponyera diso, mnyamata n'kubweza dzanja.

Amayi akhala akudandaula m'mimba zaka zinayi tsopano. Pamawotcha pamwamba pa mchombo, makamaka pakati pa usiku kapena akachedwa kudya, kuphatikizapo kugeya ndi chilungulira. Kumudzi aliyense ndi dokotala. Wina anawaletsa nyemba, wina therere chifukwa cha soda, wina tomato. Tsabola wa kambuzi anatsanzikana naye kalekale. Chatsala ndi phala, nsima ya masamba owiritsa, ndi kapu ya mkaka pakayamba kuwotcha. Chitenje chinayamba kuwakulira, n'chifukwa chake ndinawaitanitsa kuno.

Masabata awiri apitawo adokotala anawasiyitsa omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba amene ankangogula okha, ati amachepetsanso tizilombo ta m'mimba kwakanthawi ndiye kuyeza kumatha kunama kuti mulibe kanthu. Masabata amenewo anali owawa, tinkangodalira timapiritsi totafuna ta magnesium tija.

Kabotolo tinapereka ku labu cha m'ma 8, n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Za kudikira ndisanene zambiri, mumazidziwa.

Titalowa, adokotala anayang'ana pepala n'kuti, "Mayi, tapeza kachilombo."

Amayi anagwira pamtima. "Ine? Kachilombo? Bambo a ana awa anamwalira kalekale, ine sindinayendepo!"

Adokotala anaseka n'kupepesa. "Ayi mayi, si kameneko. Aka n'kam'chifu, dzina lake Helicobacter pylori." Anafotokoza kuti ambiri timakatenga tili ana, kudzera m'madzi, m'zakudya ndi m'malovu, makamaka pamene anthu akukhala mothithikana. Pafupifupi theka la anthu padziko lapansi ali nako, ndipo ambiri sadwala n'komwe. Koma mwa ena kamawononga mamina oteteza khoma la chifu, asidi wogaya zakudya n'kuyamba kudya khomalo. Zilonda za m'mimba zija timangoti ma ulcers nthawi zambiri zimayamba choncho, osati chifukwa cha nyemba.

Kenako anafunsa funso limene landikhalabe pamtima mpaka pano. "Ndaona mukulowa mukutsimphina. Mawondowo mumamwera chiyani?"

Amayi anapisa m'chikwama n'kutulutsa chitini chawo chakale cha majarini. Anakhuthulira patebulo: brufen, diclofenac, ndi timakapusozi ta indocid tomwe anawapatsa anzawo a kumvano. Adokotala anawasanja ndi cholembera, mmodzimmodzi, osayankhula. Amayi anati amamwa m'mawa uliwonse asanapite kudimba, kawirikawiri asanalawe kanthu, ndipo likakhala tsiku lopalira amaphatikiza awiri.

Ine pamenepo ndinangozyolika. Brufen ameneyo ndimagula ndine. Mwezi uliwonse ndikamatumiza sopo, shuga ndi mchere pabasi, ndimaponyamo paketi, n'kumadzitama kuti ndikusamala mayi anga. Sindinkadziwa kuti mankhwala a gulu limeneli, pamodzi ndi aspirin, amafooketsa chitetezo chomwecho chimene kachilombo kakuwononga kale. Mbali iyi kachilombo, mbali iyi mwana wawo. Adokotala anati pa mawondo azimwa Panado, ndipo za nyamakaziyo tikambirana padera tikadzabweranso.

Za mkaka amayi anakana kaye. "Komatu adokotala, ndikamwa pamazizira." Anawayankha kuti n'zoona, umaziziritsa pang'ono, koma ukatero chifu chimatulutsanso asidi kuti chiugaye, moto uja n'kubwerera. Zakudya anati azidya zonse, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kungosiya chokhacho chimene iwo eni aona kuti chikuwapweteka.

Atilembera mankhwala a masiku 14: omeprazole, amoxicillin ndi clarithromycin, m'mawa ndi madzulo. Anachenjeza kuti m'kamwa muziwawa ngati mwatafuna msomali, m'mimba mutha kutsegula pang'ono, koma asasiyire panjira ngakhale atamva bwino tsiku lachisanu, chifukwa kachilomboka kakazolowera mankhwala kamavuta kupha. Pakadzatha masabata anayi atamaliza, tidzabwerenso ndi kabotolo kena. Amayi anangoti, "Kenanso?"

Asanatitulutse anafunsa zina mosaseka konse. Chimbudzi chinayamba chaderapo bii ngati phula? Anasanzapo magazi, kapena zinthu zakuda ngati masese a khofi? Nsima imakakamira pakhosi? Zonsezo amayi anakana. Adokotala anati tikadzaona chimodzi mwa izi, ngakhale usiku, tisadikire kuti kuche. Za kukakamira kwa chakudya anatsindika chifukwa khansa ya kummero ndi yofala kwambiri kuno ku Malawi, ndipo anthu amafika mochedwa. Poona msinkhu wawo komanso kuwonda kuja, atipatsabe kalata yopita ku Kamuzu Central kuti akawaunike m'chifu ndi kapaipi kokhala ndi kamera kunsonga. Kalatayo amayi aipinda kanayi n'kuiika m'Baibulo. Sanaitchulenso tsiku lonse, nanenso ndawasiya kaye.

Pobwerera tinatsikira pamsika wa Nsungwi. Amayi anaima nthawi yaitali pa wogulitsa nyemba, kuzitapa m'manja, kuzibwezera. Ndagula mbale imodzi ya nanyati.

Usiku uno ndimawerenga pafoni za kachilomboka. Anakatulukira ndi madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, mu 1982. Anzawo sanawakhulupirire, poti onse ankati zilonda zimadza ndi nkhawa ndi zakudya. Mu 1984 Marshall anachita kumwa tizilomboto dala, nadwaladi m'mimba. Mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Nditawafotokozera amayi, anapukusa mutu n'kuti, "Ameneyo analibe amake omuletsa?"

Mankhwala oyamba amwa 7 koloko, ndachonga pakalendala ya kukhitchini. Chitini cha majarini ndachikhuthula, ndaikamo Panado yekha. Ndalemberanso achimwene ku Johannesburg kuti mapiritsi a mawondo aja amatumiza ndi a mathiraki aleke.

Nyemba zili m'madzi. Amayi ati mawa aziphika okha, chifukwa ine ndimathira anyezi wambiri.