Filimu yanga inakathera pabwalo la amfumu

Pali buku lina lotchedwa Atlas Shrugged, limene analemba Ayn Rand, mayi wobadwira ku Russia koma amene anakakhazikika ku America. Linatuluka m'chaka cha 1957 ndipo lili ndi masamba oposa 1,000. Ine ndinaligula pa kaunjika wa mabuku pafupi ndi msika wa Zomba. Sikuti ndinkalidziwa ayi, koma wogulitsayo ankatchula mtengo umodzi pa buku lililonse, ndiye ndinangonyamula lolemera kuposa onse. Munthu wa ku Chinamwali sasiya phindu pansi.

Nkhani yake ndi yakuti ku America anthu anzeru, eni mafakitale ndi opanga makina, atopa ndi boma lowalanda komanso anthu owanena kuti ndi adyera. Ndiye akuzimiririka mmodzimmodzi, kukabisala m'chigwa china kumapiri a Colorado, kuti dziko lione mmene lingakhalire iwo kulibe. Dzikolo likugwadi. Pakati pa zonsezi pali mayi wolimba mtima woyendetsa kampani ya sitima zapamtunda. Chiphunzitso cha bukuli n'chakuti munthu azikhalira moyo iye mwini, asadzipereke nsembe chifukwa cha mnzake, ndiponso asapemphe mnzake kudzipereka chifukwa cha iye.

Kunja kuno bukuli linagawa anthu pawiri, ndipo kwathu silinachedwe kuchita chimodzimodzi. Alamu anga, amene ali ndi shopu ya misomali ndi malata ku Mpondabwino, atawerenga anati mayi ameneyu ndi yekhayo padziko amene amamvetsa ululu wa munthu wokongoza achibale. Mkazi wanga anawerenga masamba angapo, n'kulitseka, n'kunena kuti wolembayo akuoneka kuti sanadwalepo usiku. Kuyambira pamenepo awiriwa akakumana pa nsima, ndiwo zinkazizira.

Ine, poona mkanganowo, ndinaona msika. Ndinati chinthu chokanganitsa anthu chotere chiyenera kukhala filimu ya Chichewa.

Ndinafufuza kaye ngati ena anayesapo. Ndinapeza kuti Aamerika, patatha zaka zoposa 50 akungokambirana, analipanga m'zigawo zitatu, za 2011, 2012 ndi 2014. Chigawo chilichonse chinabwera ndi osewera atsopano, moti mayi wa sitima uja anasintha nkhope katatu. Ndalama sizinabwerere, ndipo pofika chigawo chachitatu anachita kupempha thandizo kwa anthu pa intaneti, pa Kickstarter. Tangoganizani, filimu yoletsa kupempha ikupempha. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinaweruza kuti vuto lawo linali limodzi, kudula. M'bukumo muli malo pamene mtsogoleri wa onyanyala aja, John Galt, amalanda wailesi n'kulankhula kwa dziko lonse maola atatu, masamba pafupifupi 60, ndipo iwo anafupikitsa kukhala mphindi zochepa chabe. Mwiniwake sakadalola. Pamene buku lake lina, The Fountainhead, linkapangidwa filimu mu 1949, iye analemba yekha mawu a osewera ndipo anaumirira kuti zolankhula za m'khoti zisadulidwe. Ine ndinalumbira kuti sindidula ngakhale chiganizo.

Vuto loyamba linali njanji. Zomba anali likulu la dziko mpaka 1975, koma sitima simudutsa. Kuti muone njanji muyenera kukwera minibasi mpaka ku Liwonde, ndipo kunyamula gulu lonse kupita uku n'kukadikira sitima yosadziwika nthawi, thumba langa linakana. Ndiye kampani ya sitima inasanduka kampani ya kabaza, ya njinga zinayi. Mwini fakitale ya zitsulo anasanduka wokhoma mbaula ndi zidebe. Chigwa chobisika cha Colorado tinachipeza pamwamba pa phiri, cha kudamu la Mulunguzi, kumene tinakwera tsiku la nkhungu yoopsa moti pazithunzi zonse mumangomva anthu akutsokomola. Wina wogulitsa masitiroberi analowa m'chithunzi katatu, ndipo ndi yekhayo amene amaoneka bwinobwino.

Osewera anali anzanga ndi achibale, onse ogwira ntchito mwa chikondi, malipiro ake tchipisi ndi Sobo. Kuti amvetse mbali zawo, ndinawasonkhanitsa pakhonde n'kuwaphunzitsa chiphunzitso cha bukuli madzulo athunthu. Ndinaphunzitsa bwino. Ndinaphunzitsa ndi mtima wonse.

M'mawa mwake msuweni wanga, amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe ndipo kamera inali yake, anabwera manja ali m'thumba.

"Asuweni, ndagona ndikuganizira zija munanena dzulo. Zoona zokhazokha. Ine luso langa ndakhala ndikulipereka nsembe."

"Nsembe kwa ndani?"

"Kwa inu."

Anatchula mtengo wa tsiku limodzi. Ndinamukumbutsa kuti ndine amene ndinamulipirira mayeso a Fomu 4. Iye anati malinga ndi tsamba limene ndinawerenga ndekha, chimenecho chinali chisankho changa ndipo iye alibe nacho ngongole.

Matendawo anafalikira. Mtsikana wosewera mayi wa kabaza anati popanda ndalama ya tsitsi sabwera. Ndinapeza wina, wamfupi ndi woyera pamene woyamba anali wamtali ndi wakuda, koma naye atamva kwa anzake za chiphunzitso anafuna zolipiriratu. Wachitatu anali mdzukulu wa alandilodi, amene anavomera pokhapokha ndisachedwetse lendi. Mayi wa kabaza anasintha nkhope katatu. Aamerika aja ndinasiya kuwatchula.

Anyamata a njinga ndiwo anachita zenizeni za m'buku: anazimiririka mmodzimmodzi. Ndinakawapeza pasiteji ya ku Matawale akunyamula anthu olipira.

Chinatsala ndi ulaliki wa maola atatu uja, mtima wa filimu yonse. Ndinaulembanso m'Chichewa changachanga, unadzaza makope awiri a ana asukulu. Palibe amene anavomera kuuloweza, ndiye ndinati ndisewera ndekha. Zinafunika zinthu zochepa: chipinda, tebulo, jekete, ndi maiki yoti zioneke kuti ndili pa wailesi. Maikiyo ndinabwereka kwa bambo wina wa m'dera lathu amene amabwereketsa masipika pa zochitika. Anandipatsa yopanda chingwe, n'kunena kuti ali nazo ziwiri, inayo ikamugwirira ntchito. Sindinafunse kuti ntchito yake ili kuti.

Tsiku limene msuweni anali ndi mpata, ndipo ine ndinali ndi ndalama yake, ndi tsiku limene kunali maliro nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Anamwalira agogo ena aamuna, munthu wodziwika. Musandione ngati wopanda khalidwe: usiku ndinakagona nawo kusiwa, m'mawa ndinapereka chipepeso, ndinaonetsetsanso kuti amfumu andiona. Kenako ndinazemba cha kuseri kwa mabafa. Magetsi anali atayaka, ndipo munthu amene amakhala kuno amadziwa kuti mwayi wotere suuuza kuti dikira.

Tinatseka mawindo, tinakhoma chitseko. Msuweni anati maiki ikuoneka yakufa, ndiyatse kuti kanyali kofiira kazioneka. Ndinayatsa. Ndinakonza kukhosi, kawiri, monga ndimachitira nthawi zonse, n'kuyamba.

Zimene zinachitika kumaliroko ndinazimva pambuyo pake kwa anthu ambiri, ndipo onse amagwirizana. Masipika a bambo aja anali atamangidwa pamtengo wa mango pabwalo la anamfedwa. Woyendetsa mwambo anali akuwerenga za chipepeso: amayi a mpingo apereka thumba la ufa, anzawo a kumsika apereka nkhuni, akuti ndi akuti apereka mwakuti. Kenako mawu ake anamira, m'malo mwake munamveka munthu akukonza kukhosi kawiri.

"Inu nonse amene mukundimva, khalani chete. Lero wolankhula ndine."

Anthu anakhaladi chete. Ena anayang'ana abusa, abusa anayang'ana woyendetsa mwambo, woyendetsa mwambo anayang'ana maiki yake n'kuimenyamenya pachikhatho.

"Mwakhala mukudya thukuta la ena zaka zonsezi. Mwazolowera kutambasula dzanja. Ngakhale pano mwasonkhana kudikira za ulere!"

Apa n'kuti amayi atangoyamba kutulutsa mabeseni a nsima ndi nyemba. Akuti bambo wina amene anali atasamba kale m'manja anapukutira pathalauza n'kuyang'ana kumwamba.

Pakope langa panalembedwa kuti, "Mukufunsa kuti wapha dziko lino ndani? Mwalipha ndinu!" Koma maiki yopanda chingwe ikakhala patali imadukizadukiza, ndipo inasankha yokha mawu oti imeze. Chimene chinatuluka pamtengo wa mango chinali chakuti, "Mukufunsa kuti wapha... ndani? ...ndinu!"

Pamenepo mwambo unasokonekera. Agogo ena aakazi anakuwa kuti awa ndi mawu a malemu, akuwadziwa kuyambira ali anyamata. Amene anakhala pafupi ndi bokosi anasuntha mipando. Achibale a kuchimuna anayang'ana achibale a kuchikazi, chifukwa nkhani ya munda inali ilipo kale pakati pawo. Mnyamata wina anadumpha mpanda wa udzu n'kuugwetsa. Kwaya inayambitsa nyimbo kuti iphimbe, koma masipika a bambo aja ndi amphamvu, paja ndi chifukwa chake anthu amawakonda.

Munthu mmodzi yekha sanachite mantha. Mkazi wanga anali kumoto ndi amayi anzake, mthiko uli m'manja. Kukonza kukhosi kuja anakumva koyamba pa chinkhoswe chathu.

Ine m'nyumba ndinali nditafika pokoma. Thukuta likutsika, chala chili m'mwamba, ndikufotokoza chifukwa chake chifundo chimawononga dziko. Kenako chitseko: gu! gu! gu! Ndinapitiriza. Gu! gu! gu! Ndinakwiya, n'kutembenukira kwa msuweni, maiki ili pakamwa.

"Kawauze adikire! Maliro sathawa, koma magetsi amathawa!"

Mawu amenewa maiki sinameze ngakhale limodzi.

Msuweni atatsegula, panali mkazi wanga ndi mthiko wake, kumbuyo kwake adzukulu anayi matope a kumanda adakali m'miyendo, kumbuyo kwawo nduna ya amfumu, ndipo kumbuyo kwenikweni ana onse a m'dera. Ananditulutsa ndi jekete langa, makope ali kukhwapa, ndikuyenda ngati mbuzi yogwidwa m'dimba la eni. Msuweni anapitiriza kujambula. Anati tsikulo ndinalipira lonse.

Mlandu unakambidwa maliro atatha, pabwalo la amfumu. Anthu anadzaza kuposa tsiku logawa makuponi. Ndinakhala pansi, ndinaomba m'manja, n'kufotokoza kuti mawu aja sanali anga, anali a munthu wa m'buku.

"Munthu wa m'bukuyo ali kuti?" anafunsa amfumu.

"Wawa amfumu, kulibe. Ndi wongopeka."

"Ndiye munthu amene kulibe watukwana maliro a m'mudzi mwanga ndi pakamwa panu?"

"Zili choncho, wawa."

"Nanga anamupekayo?"

"Anamwalira, wawa. Mu 1982, ku New York."

"Anthu anapita kumaliro ake?"

Bwalo lonse linaseka, kupatula achibale a kuchikazi. Ndinayang'ana alamu anga kuti andiikire kumbuyo, poti iwo ndiwo ankati bukuli ndi mankhwala. Anaimirira, anavula chipewa, n'kunena kuti iwo Chingerezi chimawavuta, ndipo buku lalikulu chotero sangalimalize ndi ntchito ya pashopu. Mkazi wanga atafunsidwa ngati ali ndi mawu, anati, "Ine ndinawauza abambo akewa kuti wolembayo sanadwalepo usiku." Amayi anaomba m'manja, ena mpaka nthungululu, pamlandu.

Chigamulo chinali mbuzi imodzi kwa anamfedwa, nkhuku ziwiri kwa amfumu, kukonza mpanda wa udzu umene ndinati sindinagwetse ine koma anati unagwa ndi mawu anga, ndiponso kukakumba nawo manda ndi adzukulu pa maliro otsatira. Bukulo amfumu analitenga, ati likhale umboni. Ndalama ya mbuzi ndinakakongola kwa alamu omwe aja, ndipo anandilembetsa pakope ndi chiwongoladzanja.

Filimu ilipo, ya mphindi zosakwana khumi, ndipo si imene ndinkafuna. Ndi ija ya ine ndikutulutsidwa m'nyumba. Msuweni anaiika nyimbo n'kuitumiza pa WhatsApp, ndipo ndikamadutsa pasiteji anyamata a kabaza amakonza kukhosi kawiri.

Mwezi wathawu ndinafuna kalata ya amfumu yoti ndikatsegulire akaunti kubanki. Ndinawapeza pakhonde, magalasi ali pamphuno, buku lija lili pamiyendo, chala chili chapakati penipeni. Ndinapereka moni, ndinanena chimene ndadzera. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali.

"Kalata imeneyi kale ndinkalemba ulere," anatero. "Koma mayi uyu akunena zomveka. Mwabwera ndi zingati?"