Titanium inandidyera tsiku lathunthu popanga chiral amine

Ndamaliza dzulo madzulo, ndipo mtima wangokhala pansi tsopano. Ndimafuna chiral amine, ndiye kuti amine (mankhwala okhala ndi nitrogen) yopezeka m'mitundu iwiri yofanana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, koma ine ndimafuna ya dzanja limodzi, kuchokera ku ketone yotchedwa acetophenone, ndiye ndinatsata njira ya tert-butanesulfinamide (mankhwala othandiza kusankha dzanjalo) imene Jonathan Ellman anaitulutsa mu 1997.

Poyambira palibe chovuta. Ketone gawo limodzi, (R)-tert-butanesulfinamide magawo 1.1, Ti(OEt)4 (mankhwala a titanium) magawo awiri, zonsezi mu THF (chosungunulira) youma, yopanda madzi, pansi pa nitrogen, n'kuzisiya pa 70 °C usiku wonse. Youma ndithu. Ntchito ya titanium ndi kumwa madzi amene amatuluka imine (chimene chimabadwa ketone ikalumikizana ndi sulfinamide) ikamapangika. Ngati THF ili kale ndi chinyezi, kapena botolo la Ti(OEt)4 layera kukamwa, mawa lake TLC (kambale koonera zimene zili mu msakanizo) ikusonyezani ketone ikadali mbwee.

Imine ikapangika, ziziritsani mpaka −48 °C, muphatikize ndi NaBH4, mankhwala osandutsa imine kukhala amine. Mukafuna dzanja linalo, gwiritsani ntchito L-Selectride m'malo mwake, sulfinamide ikhale yomweyo.

Tsopano pofika posefa, apa ndi pamene ndinapsa mtima. Mukathira madzi amchere, titanium imasanduka phala loyera, lonanda ngati la chinangwa. Ine ndinathira ndisakutakasa bwino, n'kutsanulira pa kasefa kakang'ono ka Celite (ufa wosefera). Kanatsekeka nthawi yomweyo. Pampu ikulira, dontho limodzi limodzi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka! Chofunika n'kutsanulira m'madzi amchere ochuluka mofanana ndi msakanizo wanuwo uku mukutakasa mwamphamvu, muonjezere ethyl acetate, mudikire phalalo ligwirane timibulu. Sefa ikhale yotakata, ndipo chotsalira pamwambacho muchitsuke ndi ethyl acetate kangapo, chifukwa chinthu chimene mwachivutikira chimakakamira mmenemo.

Ndaiwala kunena: musanathire madzi amchere aja, donthezani methanol pang'onopang'ono kufikira thovu la hydrogen litasiya. Mukapupuluma chimafufuma n'kusefukira.

Muyeze ndi NMR (makina oonetsa kapangidwe ka mankhwala) kuti muone kuchuluka kwa diastereomer iliyonse, ndiye kuti mtundu uliwonse mwa iwiri imene yatuluka, sulfinyl (chigawo chochokera ku sulfinamide) ikadalipo, pakuti panthawiyi ndi pamene column (chubu cholekanitsira mankhwala) imatha kuzilekanitsa. Mukaichotsa, mwayi umenewo wapita. Kuichotsako n'kwachangu: HCl ya 4 M mu dioxane pamodzi ndi methanol, mphindi 30, kenako ether kuti mchere wa amine ugwe woyera. Chiral HPLC, makina olekanitsa manja awiri aja, ndiyo imatsimikiza kuti mwapezadi dzanja limodzi.

Koma sefa ija ikhale yotakata, chonde, ndipo Celite muiyale mochindikala musanayambe n'komwe kuthira madzi amchere.