Kamlatho ka ku Chibavi

Ndinafika ku Mzuzu mvula ikuwaza, ija ya mu Epulo yosadziwa kukata. Basi inanyamuka ku Lilongwe m'mamawa, pa Jenda tinagula tomato ndi mbatatesi pazenera, kenako nkhungu ya ku Chikangawa inatimeza mpaka dalaivala anayatsa magetsi masanasana. Amene munaiona nkhalango imeneyi paini ali thithithi, musafunse mmene ikuonekera lero. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Alamu anga anandichingamira pa depoti atanyamula maambulera awiri. Tinakwera njinga za kabaza, zomwe kuno amazitcha sakaramento, ulendo wa ku Chibavi. Pamene msewu unathera tinatsika n'kuyamba wapansi, matope akumata nsapato zanga za ku ofesi. Alamu ankangoziyang'ana n'kumapukusa mutu.

Tisanafike kunyumba pali ngalande yakuya kufika m'chiuno, ndipo tsiku limenelo madzi ake anali ofiira, akuthamanga ndi majumbo ndi mabotolo. Pamwamba pake pali kamlatho. Poyamba ndinkaona ngati ndi matabwa ongoponyapo, koma nditaima pakati ndinazindikira kuti pali mutu wa munthu umene unagwira ntchito. Pansi anagoneka milimo itatu ya bulugamu. Pamwamba anakhomapo zigwagwa, matabwa otsala pocheka aja, ndipo pa thabwa lililonse anakhomerapo kachidutswa ka tayala kuti phazi lisaterereke. Zogwirira zilipo ziwiri, china chofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, china cham'munsi.

"Cham'munsicho n'cha ana a sukulu," anatero alamu. "Wina anagweramo chaka chatha, mwayi anamuvuula ndi mnyamata wa sakaramento."

Ndinafunsa chifukwa chake kamlathoko n'kotambalala chonchi pomwe galimoto sidutsapo. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Alamu, nanga maliro azidutsa pati? Tinayeza kuti anthu onyamula bokosi mbali zonse ziwiri akwanepo."

Ndalama anayamba kusonkha ndi amayi a banki m'khonde, mabanja ena n'kuponyapo kangachepe, kalipentala wa pafupi n'kugwira ntchito osalipitsa. Palibe chikwangwani cholemba dzina la munthu. Ndakhalapo m'misonkhano yambiri ya m'mahotela momwe anthu amajambula mizinda yokongola pa pepala, koma sindinamvepo wina akufunsa kuti bokosi lidzadutsa pati.

Kuti mumvetse za ngalandezi muyenera kudziwa mmene Mzuzu unakulira. Unayamba cha mu 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, n'kudzakhala mzinda mu 1985. Pofika kalembera wa mu 2018 anthu anali atapitirira 220,000. Ambiri mwa iwowa anamanga m'zigwa ndi m'mphepete mwa madambo, kumene madzi a m'zitunda amathamangira popita ku mtsinje wa Lunyangwa. Mvula ya mu Epulo 2016 inagwetsa nyumba zambiri mumzindawu, ndipo aneba a alamu amaikambabe ngati zadzulo. Choncho kwa munthu wa ku Chibavi, malo a tonse si paki ya maluwa ayi. Ndi njira, ngalande, mjigo, bwalo la mpira ndi pokwerera njinga.

Lachisanu ndinapezeka pa ntchito yosesa. Tsiku loyeretsa dziko analikhazikitsa ndi pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera mu Novembala 2020, kuti lizichitika Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Madera ambiri linazilala, koma kuno anthu analitenga kukhala lawo, chifukwa ngalande ikatsekeka madzi amalowa m'nyumba zawo zomwe. Titavuula zinyalala tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, amfumu a m'derali ali pampando, enafe pa njerwa. Nkhani zinkayamba mu Chitumbuka, kuthera mu Chichewa, wina akaona kuti mlendo wasochera n'kundimasulira.

Mnyamata wina wa sakaramento anapempha kuti pa siteji pawo pamangidwe kashedi, ngakhale ka malata anayi okha, popeza kasitomala akanyowa podikira amangoyenda wapansi. Anyamata a mpira anabwera ndi nkhawa ina: bwalo lawo likucheperachepera, uyu wasuntha mpanda pang'ono, uyo wathira mchenga pakona. Maganizo awo anali odzala mitengo kuzungulira bwalo lonse kuti malire azioneka, ndipo timu iliyonse izithirira mbali yake. Mkangano unabuka pa mtundu wa mitengo. Ena ankafuna bulugamu poti amakula msanga, agogo ena n'kukana kwamtuwagalu kuti amaumitsa nthaka ndipo akakula wina adzaudula usiku. Anagwirizana za mapeyala ndi magwafa. Mtengo wodyedwa, anatero agogowo, ana amaulondera okha.

Apa m'pamene ndinadzichititsa manyazi. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndiye nane ndinakweza mkono. Ndinati bwanji m'mbali mwa njira muikemo matayala openta, mudzalemo maluwa, monga ndimaonera kwathu.

Mayi wina wogulitsa mandasi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Bambo, mwabwera liti? Kuno tayala likagona masiku atatu ndi nyumba ya udzudzu. Tipatseni matayalawo tidule, tikhome pa mlatho."

Kalumo kanga kanali kobuntha. Ndinati yewo, n'kutsitsa mkono.

Loweruka ndinayenda m'tauni ndekha, kutsika msewu wa Orton Chirwa, kudutsa pa wotchi ija, kukathera ku msika wa Taifa komwe ndinagulira akazi anga zitenje ziwiri za ku Tanzania. Mzuzu ndi wozizira bwino, khofi wake ndi wonunkhira, koma miyendo itatopa ndinasowa pokhala popanda kugula kanthu. Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wosoka nsapato pakhonde, yemwe ali ndi benchi yaitali kuposa makasitomala ake. Anati anaikhoma dala yaitali chifukwa okalamba ochokera kuchipatala ndi kumsika amapumirapo. Ndinakhalapo theka la ola, iye akumata soli ya nsapato yanga yomwe matope a ku Chibavi anaikanula.

Tsiku lobwerera alamu anandiperekeza atasenza chikwama changa. Pa kamlatho paja tinapeza kalipentala atagwada, akuzula thabwa lina lomwe linayamba kuwola. Anati misomali yatsala yochepa. Ndinapisa m'thumba n'kumupatsa ndalama yomwe ndinasungira chipisi cha pa Jenda. Anailandira ndi manja awiri, kenako anandiuza kuti ndiponde kumanzere, kumanja sanamalize.